Mmene Ndinalankhulira ndi Apongozi Anga za Magazi a Tiyamike

Ana anga ndi inu adzukulu, popeza boma linandipumitsa ndipo mawondo nawo avomereza, ndakhala pansi kuti ndikulembereni za ntchito yanga ya ulangizi wa ziweto. Za ubwana wanga ndazisiya, chifukwa mwana woweta mbuzi za eni ake alibe zambiri zonena. Mutu uno ndi wa nkhani imene mwakhala mukuimva zidutswazidutswa, ya kuchepa kwa magazi m'nyumba mwathu muno. Tiyamike wandilola kuti ndiilembe yonse. Wati, "Lembani ababa, manyaziwo anatha kalekale." Amayi anu angoti ndisanamepo.

Nsipe, kumayambiriro kwa m'ma 1980

Ntchito ndinayambira pa dibi ina kufupi ndi Nsipe, pomwe alimi ankabwera kudzasambitsa ng'ombe zawo m'mankhwala ophera nkhupakupa. Bwana wanga woyamba anali a Chikhosi, bambo wamfupi wa chipewa cha khaki, wosakonda kunena chinthu kawiri. Tsiku loyamba sanandifunse n'komwe za satifiketi yanga. Anangondikankhira mbuzi yowonda n'kunena kuti, "A Gama, mbuzi sinena pomwe pakupweteka. Tsitsani chikopecho muone." Ndinatsitsa chikope cha m'munsi ndi chala. M'kati mwake munali moyera mbuu. Anandibweretsera ina yonenepa, m'chikope mwake muli psuu. "Yofiirayo ili ndi magazi. Yoyerayo nyongolotsi zaimwa magazi, ikangotenga bere kapena kuyenda mtunda wautali igwa. Mwamva?" Ndinati ndamva, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzanja langali linazolowera lokha, moti nyama iliyonse yodutsa pafupi nane ndinkaitsitsa chikope ndisanaganize.

Mavuto a ntchito anali a kusowa kwa zinthu. Mankhwala a dibi ankatha osatsanzika. Anthu afika m'mamawa ndi ng'ombe zawo kuchokera kutali, fumbi lili koboo, ife n'kuwabweza. Ena ankatinena kuti tagulitsa mankhwalawo. A Chikhosi sankakwiya. Ankavula chipewa n'kuwaonetsa nsapato zawo zong'ambika, amvekere, "Akuba amavala chonchi?" Anthu ankaseka, n'kutembenuza ng'ombe zawo.

Amayi anu, a Esinati Nangozo, ndinawapeza pamsewu pomwepo pa Nsipe akugulitsa mbatatesi zochokera kwawo ku Tsangano. Ndinagula mbatatesi zambiri chaka chimenecho kuposa zomwe mbeta yamphongo ingadye. Titakwatirana ndinayamba kuona tinthu tina. Pochokera kumjigo ankatula ndowa panjira, dzanja lili pachifuwa, akupuma wefuwefu. Mapazi awo ankazizira ngakhale mu Okutobala. Ndipo pashelefu panali kachitini kodzaza ndi dothi la pachulu, lomwe ankalikukuta ngati mtedza. Ndinafunsa tsiku lina kuti, "Koma Nangozo, dothilo mukuti likoma?" Iwo anaseka n'kuti, "Inu simungamve. Akazi a kwathu tonse timadya. Amayi amadya, agogo ankadya. Ndi mtundu wathu, ndife a mtima wothamanga." Ine ndinaseka nawo, chifukwa pa msika pomwepo dothi ankagulitsa poyera, ndipo ogula anali ambiri.

China chomwe anabwera nacho kuchokera kwawo ndi tiyi. Malemu bambo awo anagwirako ntchito kumigodi ku Joni, ndipo anabwerako ndi ketulo yaikulu ndi chizolowezi chakuti munthu akangomaliza kudya, tiyi wakuda bii akhale ali kale m'kapu. Pakhomo pawo ankadziwika ndi zimenezo dera lonse, ndipo ankanyadira. Nyumba yathu nayo inatengera.

Tsangano, kumapeto kwa m'ma 1980 ndi m'ma 1990

Kunditumiza ku Tsangano kunali kundiponya pakhomo pa apongozi, chifukwa mudzi wa amayi anu uli kuseri kwa phiri pomwepo. Inu a masiku ano mumagwirana chanza ndi apongozi anu mpaka kujambulitsa nawo pafoni. Ife ayi. Ine ndi agogo anu a Nandau tinkaopana. Tikaonana patali panjira, mmodzi ankapatukira m'munda mpaka mnzake adutse. Ndikafika pakhomo pawo ndinkakhala kuseri kwa nkhokwe, iwo pakhonde atatembenukira kumbali, moni n'kumadzera mwa amayi anu kapena mwa alamu anga a Yohane. Sichinali chidani, unali ulemu, ndipo kunena zoona ine ndinkaukonda, chifukwa zaka zonsezo sitinayambanepo. A Nandau anali mayi wa mafupa akuluakulu, wamasiye, wolima yekha munda wa mbatatesi. Koma kalimidwe kawo kanali kolima mzere umodzi n'kukhala pansi, kulima wina n'kukhalanso. Mawu awo m'banjamo panalibe wowabweza.

Ntchito ku Tsangano inali yambiri. Ng'ombe zinkalowa kuchokera kutsidya kwa malire zopanda wodziwa komwe zadzera, ndipo matenda ankalowa nazo limodzi. Abwana anali kutali ku boma, ankabwera msewu ukauma. Anandipatsa njinga yamoto, koma mafuta ake ankabwera mwa apo ndi apo, choncho nthawi zambiri inkangokongoletsa khonde, ine ndikuyenda wapansi m'nkhungu, makutu atauma ndi chisanu.

Tsiku la msika ndinkayendera nyama. Ng'ombe ikaphedwa ndinkacheka chiwindi ndi mapapo kuti ndione ngati mulibe matenda, ndikakhutira n'kumenya chidindo. Abutchala, mwa mwambo wawo, ankandidulira kachiwindi. Ndinkapita nako kunyumba, amayi anu n'kukazinga bwinobwino ndi anyezi, kenako n'kuika konse m'mbale yanga. Ndikati tigawane ankakana. "Chiwindi n'cha abambo. Mukufuna anthu amve kuti kwa a Gama wodya chiwindi ndi mkazi?" Mwana wathu woyamba Madalitso, poti ndi mwamuna, ankalandirako kanthuli. Iwo ndi atsikana ankangosunsa msuzi. Umu ndi mmene nyumba zonse zinkakhalira, ya aphunzitsi ndi ya abusa yomwe.

Nthawi iliyonse amayi anu akakhala oyembekezera, kusikelo ankawapatsa timapilitsi towonjezera magazi. Ankamwa masiku ochepa n'kusiya. Ankati timawadzimbira ndipo chimbudzi chimada, komanso amayi awo anawauza kuti timakulitsa mwana m'mimba, adzavutika pochira. Atabadwa Chifundo, womaliza uja, anakhala nthawi yaitali osadzuka pamphasa. Anthu anati ndi uchembere, anawaphikira madzi a masamba a mapeyala ndi chidede, pang'ono ndi pang'ono n'kudzuka. Moyo unapitirira.

Bwanje, m'ma 2000

Kuchoka ku Tsangano kupita ku Bwanje kuli ngati kutuluka m'madzi n'kulowa mu uvuni. Majuzi athu onse tinawatsekera m'sutikesi. Kumeneko ntchito yanga inali ya ng'ombe za pangolo ndi zolimira m'sikimu ya mpunga, ndi mbuzi zosawerengeka. Katemera ankafika wochepa, ndipo wofikayo tinkalimbana naye kuti asaonongeke ndi kutentha. Njinga yamoto ija inatsala kumtunda, ndinabwerera pa yakapalasa ngati wina aliyense.

Tiyamike anali Folomu 3 pa sekondale yoyendera, ndipo ankapita pa njinga. Mwana ameneyu masamu ankawamwa ngati madzi. Ine bambo wake sindibisa, ndinkamunyadira kwambiri, ndipo ndinkaona kuti akhoza kufika komwe ine sindinafike. Koma chaka chimenecho anayamba kusintha. Ankagona m'kalasi. Ankawerenga tsamba limodzi kangapo osagwirapo kanthu. Mphunzitsi wake anandiimitsa panjira n'kunena kuti, "Mwana wanu wayamba ulesi, kapena pali mnyamata." Mwezi uliwonse ankajomba pafupifupi sabata yathunthu, ali chigonere m'chipinda, ndipo amayi ake ankangoti mutu. Bambo safunsa kupitirira pamenepo. Dothi iye sankadya, koma anapeza chake: mpunga wosaphika. Ankayenda nawo m'thumba la siketi, ndipo m'nyumba monse munkangomveka kukukuta.

Masana ena ndikuchokera kukabaya ng'ombe, ndinamupeza atakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa ngalande ya sikimu, njinga ili gone pafumbi. Anati wangopumira, miyendo yakana kupalasa. Milomo yake inali yotuwa. Dzanja langa lija linachita zomwe linazolowera, ndinamutsitsa chikope mwana wanga. Munali moyera mbuu. Ndinachita mantha kwambiri, ana inu, chifukwa ndinali nditaona kambirimbiri zomwe zimatsatira kuyera koteroko.

M'mutu mwanga munangobwera nyongolotsi, poti ndi zomwe ndinkadziwa, mwinanso likodzo chifukwa cha madzi a m'sikimu. Pachipatala chaching'ono cha m'deralo panali dokotala wachinyamata, munthu wodekha. Anamuyeza malungo, likodzo ndi za m'mimba, n'kumupatsa mankhwala ndi mapilitsi owonjezera magazi. Anayamba kupezako bwino, mapilitsi atatha tinati wachira, koma posakhalitsa anabwerera pomwe paja. Titapitanso, dokotalayo anapukusa mutu. "Bambo, tikuthira madzi m'chidebe chobooka. Magaziwa akutayika penapake." Anatembenukira kwa mwana n'kumufunsa mwaulemu ngati amataya magazi ambiri akakhala kumwezi. Ine ndinayang'ana kudenga. Tiyamike anayang'ana pansi n'kunena kuti ayi. Ndinatuluka kuti mwina amasuke, koma yankho linali lomwelo. Namwino wamkazi yemwe anali pamenepo anali atasamutsidwa, wina asanabwere. Dokotala uja ananditsatira panja n'kunena kuti, "Sakundiuza zoona, ndipo sindikumuimba mlandu. Koma sindingathandize chinthu chomwe mwini wake akuti kulibe. Pezani mayi woti amumasule pakamwa."

Kunyumba ndinawafunsa amayi anu. Poyamba anangoti, "Zimenezo si zanu." Nditakakamira anakhala pansi n'kundiuza, maso ali kumbali. "Mwanayu amataya ngati ine, ine ngati amayi. Ndi mmene tinabadwira. Atakula anamulangiza ndi agogo ake, ndipo anamuuza kuti za kumwezi mwamuna asadzamve, kaya ndi bambo wake kaya ndi wa kuchipatala. Inenso anandiuza zomwezo. Zomwe amanga amayi ine sindingamasule." Kenako anandiuza chinanso. Uthenga unali utapita kale ku Tsangano, ndipo yankho linali litabwera. Teremu ikatha a Yohane abwera kudzamutenga Tiyamike. Ati sukulu yamukanika ndipo kutentha kwa kuchigwa kukumuumitsa, akapume kwa agogo ake, azikamwa chidede ndi kuthandiza za kumunda.

Ine ndakhala m'midzi moyo wanga wonse. Mtsikana wochotsedwa Folomu 3 kuti akapume kumudzi sabwereranso m'kalasi. Chotsatira chimakhala ankhoswe pakhomo. Ndipo kwathu kuno ana ndi a kuchikazi, mawu a malume ndi agogo amalemera kuposa a bambo. Ndikanati ndikane, akanandifunsa kuti nanga mukufuna afere panjira ya kusukulu? Ndikanayankha chiyani?

Ndinakhala masabata ndikulingalira, ntchito ndikugwira ndi theka la mutu. Womasula mwana anali mmodzi yekha, a Nandau. Amayi anu anakanitsitsa kukawauza. A Yohane sakanatheka, mwamuna sanganyamule mawu otere kupita nawo kwa mayi ake omubala. Panatsala ine, mkamwini amene chikwatirire anali asanalankhulepo nawo maso ndi maso, ndipo nkhani yake inali yomwe mwamuna saitchula n'komwe. Ndinadziwa kuti ndikhoza kutaya ulemu wonse womwe ndinausunga pakhomo paja, mwinanso osapindula kanthu. Koma ndikamva kukukuta kwa mpunga kuja kuchipinda, mtima sunkandilola kukhala.

Ulendo wa ku Tsangano

Ndinapempha tchuthi, ndinatulutsa juzi m'sutikesi, n'kukwera matola. Ndinafika dzuwa litakwera koma kukuzizirabe. A Nandau anali pakhonde akusankha mbewu ya mbatatesi. Ndinakhala pamalo panga kuseri kwa nkhokwe, a Yohane n'kukhala pakati, moni anayenda monga mwa nthawi zonse. Moni atatha ndinaimirira, ndinavula chipewa, ndinazungulira nkhokwe ija n'kukanjuta pabwalo, patsogolo pawo penipeni.

A Nandau anakoka chitenje n'kudziphimba kumutu. "Mayo ine! Yohane, munthuyu wapenga?"

"Amayi," ndinatero, ndipo aka kanali koyamba kuwaitana ndi pakamwa panga, "ndikudziwa kuti ndikulakwa, ndipo nkhuku ya mlanduwu ndipereka. Koma ndimvereni kaye. Tiyamike akutaya magazi ambiri akakhala kumwezi, ochuluka kuposa omwe thupi lake lingabweze. Si sukulu yamukanika ayi, ndi magazi amuthera."

A Yohane atangomva mawu akuti kumwezi anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu, n'kulowera kumunda osacheuka. Tinatsala awiri. A Nandau anatembenukira kukhoma n'kumalankhula ndi khomalo.

"Ine ndabereka ana onsewa ndi magazi omwewo. Amayi anga chimodzimodzi. Ndafa ine?"

"Simunafe, amayi. Koma mumalima mzere umodzi n'kukhala pansi. Mwana wanu amatula ndowa panjira kuchokera pamjigo. Mdzukulu wanu ndinamutola pansi pa mtengo, njinga itamukanika. A kuchipatala akuti thandizo lilipo, koma akamufunsa amati ayi, chifukwa munamuuza kuti mwamuna asamve. Iye amakumverani kuposa ine, kuposa amayi ake. Munamanga ndinu. Ndabwera kudzapempha kuti mumumasule, ndiponso kuti musamuchotse sukulu."

A Nandau anati, "Mwanena zomwe simuyenera kunena, pakhomo pomwe simuyenera kuzinena. Nyamukani." Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Pakhomo paja ngakhale wogula nkhuku sankachoka osamwa tiyi, koma ine tsiku limenelo ndinachoka kukhosi kuli gwa.

Nkhuku ndinatumiza, ndipo analandira. Nkhani inamveka mpaka pamsika, ndipo abutchala anzanga akale ankatumiza moni wakuti dokotala wa mbuzi uja akuti wayamba unamkungwi. Amayi anu anakhala masiku osandilankhula bwino, ati ndawachititsa manyazi kwawo. Ine ndinaona kuti ndataya zonse ziwiri, ulemu ndi mwana yemwe.

Teremu inatha. Tiyamike anachapa yunifolomu yake, anaisita, n'kuipereka kwa Chifundo kuti adzavale akadzakula. Zimenezo zinandipweteka kuposa kunyozedwa kwa pamsika. Katundu wake anamangidwa m'chitenje, tikudikira a Yohane. Koma amene anatsika pa matola sanali a Yohane. Anali a Nandau okha, atavala juzi m'dzuwa la ku Bwanje, thukuta lili kamukamu. Anakhala pakhonde, msana atalozetsa kwa ine, anamwa madzi, n'kuyamba kulankhula ndi mwana wawo mokweza kuti ndimve.

"Esinati, uwauze bambo a Mada apeze galimoto. Tikupita kuchipatala chachikulu, komwe kuli anamwino aakazi. Iwowo akakhale panja."

Pambuyo pake amayi anu anandiuza kuti a Nandau anali ndi mng'ono wawo amene anamwalira atangochira mwana woyamba. Anangoyera n'kuzizira ali m'manja mwawo, ndipo nthawi imeneyo anthu anati n'zamatsenga. Ine nditachoka tsiku lija, akuti anakhala masiku akungomutchula.

Tinapita kuchipatala cha mishoni. Ine ndinakhala pa benchi panja monga anandilamulira. Chitseko chinali chopyapyala, ndipo ndinamva mawu a apongozi anga akuti, "Nena zonse, usasiyeko. Ndakumasula ine." Kenako ndinamva mawu a Tiyamike, otsika, akulankhula nthawi yaitali. Ndinasuntha n'kukakhala patali, poti zotsalazo sizinali zanga. Namwino wa kumeneko, atamva kuti akazi a banja lonse ndi otero, anawayeza onse atatu. Onse anapezeka ndi magazi ochepa, ndipo a Tiyamike ndiwo anali otsikitsitsa.

Anamupatsa mankhwala ochepetsa kutaya kuja, ndipo onse atatu anapatsidwa mapilitsi a ayironi, mchere womwe thupi limapangira magazi. Anawauza kuti chimbudzi chikada asaope, ndipo asasiye kumwa chifukwa choti ayamba kumva bwino, adikire a chipatala anene. Anawauzanso kuti chilakolako cha dothi ndi mpunga wosaphika chija nthawi zambiri chimakhala chizindikiro cha vuto lomweli. Za zakudya anatchula chiwindi, nyama, usipa, nyemba, bonongwe, ndi zipatso monga magwafa ndi malalanje. Nkhondo inabuka pa tiyi, atanena kuti tiyi womwera pa chakudya amatsekereza ayironi kulowa m'thupi. Mawu a a Nandau anamveka mpaka komwe ndinakhala kuja: "Tiyi ndisiye ine? Bola mungondipha!" Anagwirizana zoti asasiye, koma azimwa patapita nthawi chakudya chitatsika. Katundu wa Tiyamike anamasulidwa madzulo a tsiku lomwelo, ndipo Chifundo anabweza yunifolomu ija akung'ung'udza.

Lero, ndili pa mpumulo

Sizinathe tsiku limodzi. Mapilitsi ankasowa pachipatala chapafupi, ndipo ndinkapalasa njinga kukawasaka kwina. Tiyamike ankadandaula kuti amamuchititsa nseru, amayi ake ankamuimirira mpaka ameze, iye naye n'kuwaimirira iwo. Chiwindi chinayamba kudulidwa mofanana, ngakhale amayi anu poyamba ankadya chawo atatseka chitseko. A Nandau anamwa mapilitsi awo mokhulupirika, koma ine sanandiyang'anepo kumaso mpaka tsiku lomwe anatisiya. Tinabwerera kuseri kwa nkhokwe ndi pakhonde, ndipo sindidandaula.

Tiyamike, monga mukudziwa, pano akuphunzitsa masamu ku sekondale. Vutoli limamubwererabe nthawi zina. Zaka zapitazi anayambanso kutopa ndi kuthothoka tsitsi, koma atayezetsa anamuuza kuti magazi ali bwino. Dokotala wina mumzinda anamuyeza chinthu chotchedwa feritini, n'kupeza kuti n'chotsika kwambiri. Tiyamike anandifotokozera pafoni kuti magazi ali ngati ufa wa m'lichero, pomwe feritini amaonetsa chimanga chomwe chatsala m'nkhokwe. Ufa ukhoza kuoneka wokwanira lero nkhokwe ili mbee, ndipo n'chifukwa chake mankhwala sasiyidwa msanga. Ine wa ziweto ndinamva bwino lomwe. Choncho inu adzukulu anga aakazi, mukamatopa popanda chifukwa, mtima ukamathamanga pa kamtunda kochepa, mukayamba kulakalaka dothi, musadzati ndi mtundu wathu. Pitani mukayezetse, ndipo akakufunsani za kumwezi mukanene zoona. Inunso anyamata, mudzakhala ndi akazi ndi ana aakazi, musadzayang'ane kudenga.

Ndimalize ndi m'mawa umodzi. Linali tsiku loyamba la mayeso a Folomu 4, patatha chaka ndi miyezi chichokereni kuchipatala kuja. Amayi anu anati amuperekeza mwana mpaka kusukulu, ndipo poti njinga inali itatsala imodzi, tonse tinayenda wapansi m'mbali mwa ngalande, ine ndikukankha njingayo. Awiriwo anali patsogolo, akuyenda ngati akuthamangira basi, akucheza osapumira. Ine ndinatsalira, thukuta likutsika. Titayandikira sukulu amayi anu anaima n'kucheuka. Ndinaganiza kuti atopa, koma dzanja silinali pachifuwa. Anayang'ana mtunda wonse womwe tinayendawo, kenako anandiyang'ana ine.

"Bambo a Mada," anatero, "kani anzathu akhala akumva chonchi m'thupi zaka zonsezi?"

Anali mayi wa zaka zopitirira makumi anayi, wobereka ana atatu. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo tinaima pomwepo tikuyang'ana Tiyamike akulowa pageti ndi anzake.